Magazi Akaundana m'Mapapo: Ululu ndi Mantha a Munthu Wocira

Ikani zala ziwiri pa dzanja lanu, pamene pamathera cikhatho, cakumunsi kwa cala cacikulu. Mukumva kanthu kakugunda? Amenewo ndi magazi amene mtima ukukankha. Munthu wamkulu ali ndi magazi okwana malita pafupifupi 5, ndipo akakhala phee, magazi onsewo amazungulira thupi m'mphindi imodzi. Pa ulendo uliwonse ayenera kudzera m'mapapo kuti akatenge mpweya wabwino. Njira ina yolambalala palibe. Lero tiphunzira zimene zimacitika njira ya m'mapapoyo ikatsekeka, makamaka zimene munthu amamva atatuluka kale m'cipatala.

Nkhaniyi sindinaiphunzire ku sukulu ya aphunzitsi. Ndinaiphunzira pakhomo pathu. Akulu anga anakwatiwa ku Macanga, kufupi ndi Furancungo, kumene amalima fodya ndi cimanga. Mwana wawo wacitatu anabadwa mwa opaleshoni m'mwezi wa Meyi. Patapita masabata awiri, katumba wa mwendo wawo wamanzere anatupa, natentha, nayamba kuwawa. Tonse tinati ndi mmene amakhalira mayi wa cikuta. Tsiku lina akucokera kosamba anabanika, nagwa pansi. Anawatengera ku cipatala ca pafupi, ndipo kumeneko anawatumiza ku cipatala cacikulu. Atatuluka, amayi anati abwere kwathu ku Tsangano adzacirire pamaso pawo. Ine ndinali kugona nawo m'cipinda cimodzi, iwo ndi khandalo.

Kodi matendawa ndi otani?

Magazi amadziwa kuundana. Mukadziceka ndi mpeni, pakapita kanthawi magazi amaleka kutuluka cifukwa aundana pabalapo. Izi n'zabwino, zimatipulumutsa. Koma nthawi zina magazi amaundana m'kati mwa mtsempha umene sunadulidwe. Kawirikawiri izi zimacitika m'mitsempha ya m'kati mwenimweni mwa mwendo, pa katumba kapena pa nchafu. Kabulumwa ka magazi oundanawo kakathothoka, kamayenda ndi magazi mpaka kumtima, ndipo mtima umakakankhira m'mapapo. M'mapapomo mitsempha imagawikana ngati nthambi za mtengo, ikunka nicepa. Kabulumwa kaja kamafika pamene sikangathe kudutsa, n'kukakamira.

Inu amene mumathandiza makolo kuthirira mbatata ya kacewere m'madimba mukudziwa zimene cibulumwa ca dothi cimacita cikatseka ngalande. Mizere ya kumunsi imauma, ndipo madzi amabwerera m'mbuyo nayamba kusefukira. M'thupi ndi cimodzimodzi. Mbali ya papo imene ili kuseri kwa cotsekaco silandira magazi, ndipo mtima umavutika kukankha magazi pa njira yotsekeka. N'cifukwa cake munthu amabanika, mtima umathamanga, ndipo ena amakomoka. Cibulumwa cikakhala cacikulu, munthu akhoza kufa mwadzidzidzi. Pa khadi la cipatala adotolo amalemba dzina la matendawa m'Cipwitikizi kuti embolia pulmonar.

Dotolo wa ku Germany, Rudolf Virchow, ndiye anasonyeza m'zaka za m'ma 1850 kuti magazi oundana amene amapezeka m'mapapo amacokera kwina, makamaka m'miyendo. Mpaka lero madotolo amaphunzira zifukwa zitatu zimene zimadziwika ndi dzina lake: magazi akamayenda pang'onopang'ono, mtsempha ukavulala, ndiponso magazi akakhala ofulumira kuundana. Kuyambira mu 2014, maiko ambiri amakumbukira matendawa pa 13 Okutobala, tsiku limene Virchow anabadwa.

Akulu anga anali nazo zifukwa zonse zitatu. Magazi a mayi wapakati, ndiponso a mayi amene wangobereka kumene mpaka masabata 6, amafulumira kuundana. Opaleshoni inavulaza mitsempha. Ndipo anagona masiku ambiri osayenda. Koma si amayi okha. Munthu wothyoka mwendo, wodwala cifuwa cacikulu, wa HIV, wa khansa, kapena mayi amene akumwa mapiritsi ena a kulera, onsewa angadwale matendawa. Ganizaninso za abale athu amene amabwera pa basi kucokera ku Johannesburg, kudzera ku Beitbridge ndi ku Cuchamano mpaka ku Tete, atapinda miyendo usana ndi usiku pakati pa katundu. Nawonso magazi a m'miyendo mwawo amayenda pang'onopang'ono. Matendawa sapatsirana. Mukhoza kudya mbale imodzi ndi wodwalayo popanda vuto.

Mankhwala sacotsa cibulumwa tsiku limodzi

Ku cipatala akulu anga anayamba ndi jakisoni wa heparina, kenaka anawapatsa mapiritsi a varfarina. Palinso mapiritsi ena atsopano, monga rivaroxaban, koma iwo analandira varfarina. Anthu amati awa ndi mankhwala osungunula magazi. Kunena zoona, sasungunula cibulumwa cimene cilipo kale. Nchito yawo ndi kuletsa cibulumwaco kukula, ndi kuletsa cina kupangika. Thupi lokha ndilo limacisungunula pang'onopang'ono, pa masabata kapena miyezi. Conco munthu amamwa mankhwalawa kwa miyezi yosacepera 3, ndipo ena amamwa nthawi yaitali kuposa pamenepo. Wakumwa varfarina amayezetsa magazi kawirikawiri. Muyesowo dzina lake ndi INR, ndipo kwa odwala ambiri uyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ukatsika, magazi angaundanenso. Ukakwera kwambiri, munthu angataye magazi.

Mfundo iyi igwireni bwino, cifukwa ikufotokoza zambiri: munthu amatuluka m'cipatala cibulumwa cisanathe. Ngozi yaikulu yapita, koma thupi likadali pa nchito. N'cifukwa cake amatopa msanga, amacita befu pokwera kamtunda, ndipo cifuwa cimabaya.

Nanga ululuwo umacokera kuti?

Papo lenilenilo silimva ululu. Koma mapapo ndi okutidwa ndi nembanemba yopyapyala, ndipo nembanemba ina imamatirira ku nthiti. Ziwirizi zimatsetsereka bwinobwino tikamapuma. Ya ku nthitiyo imamva ululu kwambiri. Kabulumwa kakatseka kamtsempha ka m'mphepete mwa papo, malowo amavulala ndi kutupa, ndipo nembanemba zija zimayamba kukhulana. Ululu wake ndi wobaya ngati wa cibayo. Umakhala malo amodzi, cham'mbali kapena kumsana, ndipo umakula munthu akapuma mwakuya, akatsokomola kapena akaseka. Ungathe kukhala masabata angapo, koma umanka nucepa.

Palinso ululu waciwiri. Munthu amene akuopa kubayidwa amapuma mosafikapo, atakweza mapewa, ataumitsa cifuwa. Akatero masiku ambiri, minofu ya pakati pa nthiti imatopa nayamba kuwawa. Ululu uwu umadziwika cifukwa mukadinikiza malowo ndi cala, pamawawa pomwepo.

Ululu wacitatu ndi umene unativutitsa kwambiri, ndipo ndiufotokoza monga momwe ndinauonera.

Usiku wina wa mu Juni, kukuzizira monga mudziwa kuzizira kwa kuno, akulu anga anandigwedeza phewa.

"Iwe, dzuka. Zabweranso."

"Ciyani, akulu?"

"Cifuwa candigwira. Mtima ukuthamanga. Manja acita dzanzi. Ine ndikufa, mwanayu udzamuone."

Ndinayatsa nyali. Anali kupuma mwawefuwefu, thukuta lili kamukamu pa nthawi yozizira coteroyo. Inenso mantha anandigwira. Tinadzutsa mnansi wathu amene ali ndi njinga yamoto, tinawafunditsa bulangete, ulendo wa ku cipatala. Pamene tinafika, kupuma kunali kutayamba kale kubwerera. Anamwino anawapana kacipangizo pa cala koyezera mpweya wa m'magazi, anawerenga kugunda kwa mtima, anamvetsera cifuwa, anaona miyendo yonse iwiri. Anafunsa ngati anadumphapo mapiritsi. Kenaka anati: "Mayi, usiku uno si cibulumwa. Ndi mantha. Koma mwacita bwino kubwera."

Akulu anga anakhumudwa. Anamva ngati awanena kuti akunamizira. Sizinali conco. Mantha amagwira thupi zenizeni. Munthu akaopa, thupi limatulutsa adrenalina, imene imamukonzekeretsa kuthawa. Mtima umathamanga, minofu imauma, kupuma kumafulumira. Tsono mpweya umene timatulutsa popuma, ngakhale timautcha woipa, thupi limafuna kuti wina utsaleko m'magazi. Munthu akapuma mofulumira kwambiri amautaya wambiri. Pamenepo amamva cizungulire, milomo ndi zala zimacita dzanzi, ndipo amamva ngati mpweya sukukwana, ngakhale kuti mpweya wabwino uli wokwanira m'magazi mwake.

Taonani tsopano msampha wake. Zizindikiro za mantha ndi zofanana ndi za matenda aja: kubanika, mtima kuthamanga, cifuwa kuwawa. Munthu amene anagwapo tsiku lina cifukwa ca cibulumwa, akamva kabaya pang'ono amakumbukira tsiku lija. Akakumbukira amaopa. Akaopa mtima umathamanga. Mtima ukathamanga amati, "Si izi, zabweranso," ndipo mantha amawirikiza. Madotolo m'maiko ambiri aona kuti izi zimacitikira anthu oculuka amene anacira matendawa. Kwathu kuno pali cina cowonjezera. Makina aakulu ojambula m'kati mwa mapapo amapezeka m'zipatala zazikulu zokha. Munthu wa ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Chidzolomondo amagona akudziwa kuti cipatala cacikulu ca Tete cili kutali, ndiponso kuti nthawi ya mvula misewu imavuta. Mantha ake ali ndi maziko.

Kusiyanitsa mantha ndi ngozi

Anamwino aja anatiphunzitsa zizindikiro zothandiza. Mantha kawirikawiri amabwera munthu ali khale kapena ali gone, makamaka usiku maganizo akaculuka. Amafika pacimake m'mphindi ngati 10, kenaka amayamba kutsika. Dzanzi limagwira manja onse awiri ndi milomo. Munthu akapuma pang'onopang'ono, kapena akayamba kuceza ndi wina, amapezako bwino.

Ngozi siitero. Kubanika kwa cibulumwa catsopano sikutha ndi kuceza, ndipo kumakula munthu akayenda ngakhale mapazi ocepa. Munthu akakomoka, akatsokomola magazi, milomo yake ikatuwa, mwendo umodzi ukatupanso, kapena ululu ukakhala wacilendo, wopsinja pacifuwa mpaka ku mkono kapena ku nsagwada, musadikire kuti kuce. Pitani naye ku cipatala, ndipo musaiwale khadi lake ndi mapiritsi ake. Cimodzimodzinso ngati ndi nthawi yoyamba kumva zimenezo, kapena ngati anadumpha mankhwala masiku angapo. Zizindikirozi zimathandiza, koma sizilowa m'malo mwa kuyezedwa. Ngakhale adotolo amafuna zipangizo kuti atsimikize. Cotonthoza mtima n'cakuti munthu amene akumwa mankhwala ake mosadumpha, si kawirikawiri magazi kuundananso.

Ine mawu akuti "ndi maganizo cabe" ndimadana nawo, makamaka akanenedwa munthu asanayezedwe. Imvani za Serena Williams, katswiri wa masewera a tenesi wa ku United States. Iyeyu anadwala matenda omwewa mu 2011. Anacira, ndipo mu 2012 anapambana mpikisano wa Wimbledon ndi mendulo ya golide pa masewera a Olimpiki ku London. Mu Seputembala 2017 anabereka mwana mwa opaleshoni. Tsiku lotsatira anayamba kubanika. Iye anazindikira msanga, nauza anamwino kuti akufunika kujambulidwa mapapo ndi kupatsidwa heparina. Poyamba anaganiziridwa kuti wasokonezeka ndi mankhwala a ululu. Anakakamira, ndipo atamujambula anapezadi tizibulumwa m'mapapo mwake. Nkhaniyi anaifotokoza yekha poyera mu 2018. Ikutisonyeza zinthu ziwiri. Munthu angacire mpaka kuthamanganso pa bwalo. Komanso munthu amene anadwalapo amalidziwa thupi lake, ndipo akanena kuti ici n'cacilendo, tiyenera kumumvera.

Zimene tinacita pakhomo

Coyamba cinali kuphunzira kupuma. Tiyeni tiyese tonse. Khalani tsonga, mapewa agwe. Ikani dzanja limodzi pamimba. Kokani mpweya ndi mphuno pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 4, ndipo mimba ndiyo ikweze dzanjalo, osati mapewa. Tsopano tulutsani ndi pakamwa, milomo ili yotsinzina ngati mukuuzira phala la mwana, mukuwerenga mpaka 6. Bwerezani kakhumi. Kutulutsa mpweya mocedwa kumabweza mtima. Koma luso ili liyenera kuphunziridwa masana, munthu ali bwino. Mantha akafika si nthawi yophunzira zatsopano. Ine ndinali kupuma nawo pamodzi, ndikuwerenga mokweza, cifukwa munthu wamantha amatsatira mpweya wa mnzake mosavuta kuposa malangizo.

Caciwiri cinali kope. Ndinawapatsa kope la sukulu ndi pensulo. Tsiku lililonse anali kulemba ola limene amwa piritsi, pamene pawawa, ndi kugunda kwa mtima pa mphindi imodzi. Munthu wamkulu akakhala phee, mtima wake umagunda pakati pa 60 ndi 100. Tinapangana kuti aziwerenga kamodzi m'mawa basi, cifukwa masiku oyamba anali kugwira dzanja lawo ola lililonse, ndipo kugwiragwirako kunali kudyetsa mantha. Patapita masabata atatu tinawerenga kopelo. Tinaona kuti ululu wobaya uja unali kucepa sabata ndi sabata, ngakhale iwo sanali kuzindikira. Tinaonanso kuti mantha aakulu anali kubwera usiku woti mawa akayezetsa magazi, ndiponso tsiku limene m'mudzi munamveka maliro. Kuyambira pamenepo, masiku oterowo sitinali kuwasiya okha.

Cacitatu cinali kuyenda. Amayi anafuna kuti mwana wawo azingogona, azilandira ciliconse pamphasa. Cinali cikondi, koma cinali colakwa. Kugona tsiku lonse ndi kumene kumacedwetsa magazi m'miyendo, ndipo kumafooketsa thupi kotero kuti munthu akadzuka amacita befu, n'kuopanso. Adotolo anali atawauza kuti aziyenda. Anayamba ndi kuzungulira nyumba. Kenaka mpaka pa nkhokwe. Kenaka mpaka pa mjigo, wopanda cidebe. Lamulo lathu linali lakuti aziyenda pa liwiro loti angathe kulankhula akuyenda.

Cina cinali covuta kunena pamaso pa akuluakulu. Wacibale wina anabwera ndi maganizo akuti matenda ogwetsa munthu mwadzidzidzi sangabwere okha, ndipo anafuna kuti akulu anga akatemeredwe mphini pacifuwa pamene pakubaya. Tinakana mwaulemu. Munthu wakumwa mankhwala oletsa magazi kuundana akatemedwa, magazi sasiya msanga kutuluka. Zitsamba zakumwa nazonso zingasokoneze mphamvu ya varfarina, kuikweza kapena kuitsitsa, popanda munthu kudziwa. Cimodzimodzi mapiritsi a ululu ogula pa msika. Aspirina, ibuprofeno ndi diclofenac amawonjezera ngozi yotaya magazi. Pa ululu wa pacifuwa anawalola kumwa paracetamol, pa mlingo umene anamwino ananena. Mowa nawo ndi wosafunika. Ndipo amene akumwa mankhwala a cifuwa cacikulu kapena ma ARV ayenera kuuza adotolo, cifukwa rifampicina imafooketsa kwambiri varfarina, ndipo ma ARV ena amasintha mphamvu yake. Zizindikiro zoti magazi akutayika ndi cimbudzi cakuda bii, magazi m'mkodzo, kamfuno wosaleka, kusamba koposa muyeso, kapena mutu waukulu, makamaka munthu atagwa kapena kugunda mutu. Izinso ndi za ku cipatala tsiku lomwelo.

Pa za ndiwo, ena anawauza kuti asiye masamba. Ayi. Nkhwani, mpiru, bonongwe ndi repu zili ndi vitamini K, amene amacepetsa mphamvu ya varfarina, koma cofunika si kusiya. Cofunika ndi kudya mofanana masiku onse, osati mbale yodzaza sabata ino, sabata yamawa osalawa n'komwe. Kuyamwitsa anapitiriza, pakuti varfarina siletsa mayi kuyamwitsa. Amene saloledwa kumwa varfarina ndi mayi wapakati, ndipo iyeyo amapatsidwa jakisoni wa heparina.

Ndinaonanso kuti mantha anali kukula mapiritsi akatsala ocepa m'kabotolo. Conco tinali kukonzekeratu ndalama ya ulendo ndi kupita kukatenga ena kukadali masiku asanu.

Si mantha onse amene amatha ndi kupuma ndi kope. Munthu akaleka kugona, akaleka kudya, akamalira kawirikawiri, akamaopa kutuluka m'nyumba kwa masabata ambiri, kapena akamanena zofuna kufa, ayenera kuuza a cipatala. Nkhawa ndi matenda amene ali ndi cithandizo cake. Pakhomo, cimene tingacite ndi kumvetsera. Akulu anga anafotokoza tsiku lija anagwa mwina kakhumi. Poyamba amayi anali kuwadula mawu kuti, "Zinapita izo, usamazikumbuke." Kenaka tinaona kuti akamaliza kufotokoza, usiku umenewo amagona bwino.

Miyezi 3 itatha

Malangizo a madotolo a mtima a ku Ulaya a mu 2019 amati wodwala aonedwenso pakatha miyezi 3 mpaka 6. Cifukwa cake n'cakuti mwa anthu 100 ocira matendawa, pali awiri, atatu kapena anayi amene cibulumwa sicisungunuka conse, koma cimauma n'kusiya mitsempha ya m'mapapo ili yopanikizika. Anthu oterewa amapitiriza kucita befu, ndipo befulo limanka likula. Ameneyo asauzidwe kuti ndi mantha. Ayenera kuyezedwa mtima ndi mapapo.

Akulu anga anapezeka bwino. Adotolo anati popeza cimene cinayambitsa matendawa, ndico mimba ndi opaleshoni, cinali citapita, akhoza kusiya mapiritsi. Anawacenjeza kuti akadzatenganso pakati adzanene msanga ku sikelo za matendawa, ndiponso kuti asamwe mapiritsi a kulera asanafunse, pakuti pali njira zina zowayenera. Ine ndinayesa adzakondwa. M'malo mwake, sabata imeneyo mantha anabweranso kawiri, cifukwa kapiritsi kaja kanali katasanduka ngati mpanda wawo. Ulendo uno anadzuka okha, nakhala tsonga, dzanja pamimba, nawerenga mpaka 4 ndi mpaka 6. Ine ndinamva ali kuwerenga, koma sanandidzutse.

Anabwerera ku Furancungo mu Seputembala, nthawi yothirira nazale za fodya. Alamu anga amati masabata oyamba anali kunyamula kheni ya madzi yosadzaza, n'kumapumula pa bedi lililonse la mbande. Kope lija anapita nalo, ndipo masamba ake otsala akulembamo ndalama za feteleza.